Kusankha Pikapu Yokokera Ngolo ndi Kuyendera Masiku Onse

Mawu oyamba

Alimi ambiri, makalabu ndi mabungwe a alimi m'chigawo chino cha kummwera ndi pakati pa Africa amafika pa msinkhu woti njinga ndi ngolo ya ng'ombe sizikukwaniranso. Zokolola zachuluka, msika uli kutali, ndipo eni malole a hayala amakweza mtengo pa nthawi yomwe mlimi aliyense akufuna kusamutsa mbewu zake. Pamenepa maganizo amatembenukira ku galimoto ya pikapu, imene anzathu a ku South Africa ndi ku Zimbabwe amaitcha bakkie. Kwa mabanja ambiri, kupatula nyumba, palibe chinthu china chimene adzatulutsire ndalama zochuluka chotere. Kalabu ikalakwitsa posankha, phindu la zaka zingapo limathera kwa makaniko. Ikalakwitsa pa kakokedwe ka ngolo, chotayika sichikhala ndalama zokha ayi.

Phunziro lino lalembedwera alimi, atsogoleri a makalabu, alangizi a zaulimi ndi oyang'anira minda. Vuto lagona pakuti galimoto imodzi yomweyo ikufunidwa pa ntchito ziwiri zosiyana: lero ikoke feteleza pa chikweza, mawa ipite kubanki kapena kuchipatala ili yopanda kanthu. Galimoto yochita bwino kwambiri pa ntchito yoyambayo kawirikawiri imamwa mafuta ambiri ndi kugwedeza okwera pa ntchito yachiwiri.

Yambani ndi kuwerenga katundu

Musanapite kukaona galimoto iliyonse, khalani pansi ndi kope ndipo mulembe katundu yense amene munanyamula kapena kulipirira hayala chaka chathachi. Lembani kulemera kwake, mtunda, mwezi ndi mtundu wa msewu. Thumba la chimanga kapena la feteleza ndi makilogalamu 50. Belo la fodya limalemera pafupifupi makilogalamu 100. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 1,000 ndi tani yathunthu, osawerengera thankiyo. Ng'ombe yamakolo yaikulu imafika makilogalamu 250 kapena 300, pamene ya mkaka ya mtundu wa Friesian imatha kupitirira 500.

Mukatero dzifunseni kuti: kodi pa chaka chonse ndi masiku angati amene katundu amapitirira tani imodzi? Ambiri akawerenga moona mtima amapeza kuti ndi masabata ochepa chabe, nthawi yogula feteleza mvula isanagwe ndi nthawi yogulitsa zokolola. Ngati ndi choncho, nzeru ndi kugula pikapu yapakatikati ndi ngolo yaing'ono, ndipo pa masiku a katundu wambiri mupange hayala lole. Koma ngati mumakoka thanki ya madzi, makina otongolera chimanga kapena ng'ombe sabata ndi sabata, kukokako ndiyo ntchito yeniyeni ya galimotoyo.

Manambala anayi oyenera kuwadziwa

Ogulitsa amakonda kutchula nambala imodzi yokha, yakuti galimoto yawo imakoka makilogalamu 3,500. Nambala imeneyi si yabodza, koma payokha imasocheretsa. Pali manambala anayi amene ayenera kuwerengedwa pamodzi. Amapezeka m'buku la wopanga galimoto ndi pa kachitsulo kokhomedwa pa mphuthu ya chitseko kapena pansi pa boneti, ndipo ena mwa iwo amalembedwanso m'buku la umwini, limene ku Malawi limatchedwa blue book ndipo ku Zambia white book.

Nambala yoyamba ndi kulemera kwa galimoto ili yopanda anthu ndi katundu, kumene m'mapepala amati tare. Yachiwiri ndi GVM, ndiko kulemera kumene galimotoyo siyenera kupitirira itasenza zonse: dalaivala, okwera, katundu ndi zitsulo zimene mwawonjezera. Mukachotsa tare pa GVM, chotsalacho ndicho mungathe kunyamula. Yachitatu ndi kulemera kwa ngolo imene galimotoyo ingakoke. Apa opanga amapereka malire awiri: a ngolo yopanda mabuleki, amene pa mapikapu ambiri sapitirira makilogalamu 750, ndi a ngolo ya mabuleki. Yachinayi, imene ambiri saidziwa nkomwe, ndi GCM, kutanthauza kulemera kwa galimoto ndi ngolo pamodzi zonse zitapakiridwa.

Tiyerekeze pikapu ya zitseko zinayi imene tare yake ndi makilogalamu 2,100, GVM ndi 3,100, GCM ndi 5,900, ndipo buku likuti ikoka 3,500. Manambala otere sali kutali ndi a mapikapu ambiri a masiku ano. Papepala imanyamula tani imodzi, ndiye kuti matumba 20. Koma dalaivala ndi anthu awiri opakira, aliyense wa makilogalamu 75, adya kale 225, ndipo malo otsala ndi a matumba 15. Mukawonjezera zitsulo zotchingira ziweto ndi chitsulo cha kutsogolo, tinene makilogalamu 100, matumba atsala 13.

Tsono mangirirani ngolo yolemera makilogalamu 3,500. Chotsani 3,500 pa 5,900, patsala 2,400. Chotsaninso kulemera kwa galimoto, 2,100. Patsala makilogalamu 300 okha. Awa ndi anthu akuluakulu anayi, popanda thumba ngakhale limodzi kumbuyo. Phunziro lake ndi lakuti simungadzaze bodi ya galimoto ndi kukoka ngolo yolemera koposa pa ulendo umodzi womwewo.

Pali zina ziwiri zimene zimaiwalika. Choyamba, ngolo ili ndi kulemera kwakekwake. Ngolo yolembedwa GVM 2,000 imene payokha imalemera 500 imanyamula makilogalamu 1,500, matumba 30, osati 40. Chachiwiri, mbali ina ya kulemera kwa ngolo imatsamira pa chokokera, ndipo imawerengedwa ngati katundu wa galimoto. Ngolo ikatsamira ndi makilogalamu 150, chotsani matumba atatu m'bodi.

Opanga magalimoto amayesa malire awo pa misewu yabwino. Pa msewu wafumbi wa maenje ndi mabampu, katundu amadumpha ndi kugwera pa masipuling'i mwamphamvu kuposa kulemera kwake. Langizo lathu ndi lakuti musankhe galimoto imene katundu wanu wanthawi zonse adzafika magawo atatu mwa anayi a malire ake, osati pamapeto penipeni.

Zimene malamulo amanena

Nkhani ya layisensi imakola ambiri. Layisensi ya B imalola munthu kuyendetsa galimoto yosapitirira GVM ya makilogalamu 3,500 ndi kukoka ngolo yosapitirira GVM ya 750. Ngolo ikaposa pamenepo pafunika layisensi ya EB, imene maiko ena amailemba kuti BE. Dziwani kuti chimene chimawerengedwa ndi nambala yolembedwa pa ngoloyo, osati katundu amene wanyamulidwa tsikulo. Ngozi ikachitika dalaivala alibe layisensi yoyenera, kampani ya inshulansi ikhoza kukana kulipira.

Za mabuleki, malamulo a ku South Africa amapereka chitsanzo chomveka. Kumeneko ngolo imaloledwa kuyenda yopanda mabuleki a paulendo ngati GVM yake sipitirira 750 ndiponso ngati siposa theka la tare ya galimoto yoikoka. Mabuleki amene amagwira okha ngolo ikakankha galimoto amaloledwa malinga ngati GVM ya ngoloyo siposa tare ya galimoto. Kupitirira apo pafunika mabuleki amene dalaivala mwini amawalamulira ali pampando. Choncho pikapu yathu ija ya makilogalamu 2,100, ikakhala ndi ngolo ya mabuleki ogwira okha, ku South Africa siyenera kukoka yoposa 2,100, ngakhale buku likunena 3,500. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo nkofunika kukafunsa ku ofesi yoona za pamsewu, monga ya Road Traffic ku Malawi kapena RTSA ku Zambia, musanagule ngolo.

Ngolo iyenera kukhala ndi nambala yake, mapepala ake, magetsi ndi zonyezimira. Amene amadutsa malire pa Mchinji, Dedza, Mwanza kapena Chirundu aonetsetse kuti inshulansi yawo yatchula ngoloyo. Yellow Card ya COMESA imagwira ntchito ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, koma polowa ku Mozambique pafunika inshulansi ina.

Injini ndi magiya

M'mabuku a magalimoto muli manambala awiri a mphamvu ya injini. Ya kW imasonyeza ntchito imene injini ingagwire itathamanga kwambiri. Ya Nm imasonyeza mphamvu yozunguza matayala, ndipo pokoka iyi ndiyo muyenera kuyamba kuiyang'ana, makamaka ngati ikupezeka injini isanayambe kulira kwambiri. Ng'ombe yapagoli sithamanga, koma imadzutsa ngolo m'matope; injini ya dizilo ndi yotero, nchifukwa chake imakondedwa pa ntchito yokoka.

Poyerekeza, Toyota Hilux ya injini ya malita 2.4 imene inatuluka mu 2016 imapereka 110 kW ndi 400 Nm. Ya malita 2.8 ya mu 2020 imapereka 150 kW ndi 500 Nm ikakhala ya otomatiki. Isuzu D-Max ya malita 3.0 ya mu 2022 imapereka 140 kW ndi 450 Nm. Koma injini yakale ya 1HZ ya Land Cruiser, ya malita 4.2, imene inayamba kupangidwa mu 1990, imangopereka 96 kW ndi 285 Nm. Apa tikuona kuti kukula kwa injini sindiko mphamvu. Chimene chasiyanitsa ndi turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini.

Turbo ndi yofunika m'chigawo chathu pa chifukwa chinanso. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse okwera kuchoka panyanja yamchere, chifukwa mpweya umapepuka. Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000, Lusaka pafupifupi 1,300, Harare pafupifupi 1,500, ndipo Johannesburg oposa 1,700. Galimoto imene inakoka bwino ku Beira kapena ku Dar es Salaam ikhoza kulefuka ikafika ku Dedza. Komabe sitikunyoza injini zakale. Zimapirira mafuta osayera kwenikweni, ndipo makaniko wa pa trading centre amazidziwa. Wozisankha angovomereza kuti adzayenda pang'onopang'ono ndi ngolo yopepuka.

Kutentha nako ndi mdani. Ku Chikwawa ndi Nsanje, ku Tete ndi m'chigwa cha Luangwa, mwezi wa October kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Injini yokoka ngolo pa chikweza nthawi yotere imafuna rediyeta yoyera ndi yosadontha. Rediyeta yotsekeka ndi mbewu za udzu ndi fumbi yapha injini zambiri.

Nanga magiya? Ya otomatiki imanyamuka bwino pa chikweza ndi ngolo chifukwa ilibe kalachi yoti ipse, ndipo imapumitsa dalaivala m'tauni. Koma ikawonongeka imafuna katswiri wa mumzinda ndi ndalama zambiri, ndiponso mafuta ake amatentha ikamakoka nthawi yaitali. Ya magiya a pamanja imakonzeka paliponse, koma dalaivala wosazolowera akhoza kumaliza kalachi m'nyengo imodzi. Kwa kalabu ya kutali ndi mzinda, maganizo athu ndi akuti ya magiya a pamanja ndi dalaivala mmodzi wodziwa ntchito ndiyo njira yosabweretsa madandaulo.

Zitseko ziwiri kapena zinayi, matayala awiri kapena anayi

Pikapu ya single cab ili ndi bodi yotalika pafupifupi mamita 2.3, pamene ya double cab, imene ambiri amaitcha twin cab, ili ndi bodi ya mamita pafupifupi 1.5. Ya zitseko zinayi imanyamula anthu asanu okhala pa mipando ya malamba, ndipo pa banja ichi ndi chinthu chachikulu. Koma bodi yake yambiri ili pamwamba ndi kumbuyo kwa ekiselo yakumbuyo. Katundu wolemera akaunjikidwa kumapeto, ngolo nkutsamiranso pa chokokera, chasisi imatha kupindika pakati pa bodi ndi pokhala anthu, makamaka pa msewu wa mabampu. Nthawi zonse katundu wolemera aziikidwa moyandikira pokhala anthu. Kalabu imene cholinga chake ndi kunyamula mbewu isanyengedwe ndi kukongola kwa twin cab. Zimadziwika kuti galimoto yotere sichedwa kusanduka ya maulendo a akuluakulu a komiti.

Ya 4x4 imalemera kwambiri, imamwa mafuta ambiri ndipo ili ndi zipangizo zochuluka zofuna kukonzedwa. Ubwino wake waukulu pokoka ndi giya yotsika kwambiri yolembedwa 4L, imene imalola kunyamuka ndi ngolo pa chikweza kapena m'munda popanda kuwotcha kalachi. Pa mapikapu ambiri 4x4 siyenera kugwiritsidwa ntchito pa phula louma, chifukwa zitsulo zozunguza matayala zimakanirirana mpaka kuwonongeka. Ngati misewu yanu imapitika chaka chonse, ya 4x2 yotalika kuchoka pansi, yokhala ndi diff lock, imakwanira. Ngati mumadutsa madambo m'mwezi wa February, musadzivutitse ndi kuganiza: gulani 4x4.

Dzina la galimoto ndi masipeya

Mapikapu ambiri odziwika kuno amapangidwa ku South Africa. Hilux, imene inayamba ku Japan mu 1968, imapangidwa ku Prospecton, ku Durban. Ford Ranger imapangidwa ku Silverton, ku Pretoria. Isuzu D-Max, imene kuno inkadziwika kuti KB mpaka 2018, imapangidwa ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. Mahindra inayamba kulumikiza mapikapu ake ku Durban mu 2018. Timapikapu ting'onoting'ono monga Nissan 1400, imene inaleka kupangidwa mu 2008, ndi NP200, imene inaleka mu 2024, ndi tabwino ponyamula masamba, mazira ndi nkhuku kupita kumsika, koma si tokokera ngolo yolemera.

Sitikuuzani dzina loti mugule. Yesani motere: pitani m'masitolo a masipeya a pa boma lanu ndipo mufunse mtengo wa fyuluta ya dizilo, mapadi a mabuleki, kalachi ndi injekita imodzi ya galimoto imene mukuilingalira. Funsaninso kuti chipangizo chikasowa chimafika patapita masiku angati. Galimoto yotsika mtengo imene idzagone mwezi wathunthu nthawi yokolola podikira chipangizo chochokera kunja ndi yodula kuposa inzake.

Kugula yogwirapo kale ntchito

Ambiri adzagula yogwirapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Pitani m'mamawa kuti muione ikulizidwa injini ili yozizira, pakuti injini yotopa imabisala ikatentha. Utsi wa buluu umasonyeza kuti ikutentha oyilo. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka amasonyeza kuti madzi akulowa. Lowani pansi ndi tochi ndipo muyang'ane chasisi ngati inawotchereredwapo kapena kupindika, makamaka kumbuyo kwa pokhala anthu ndi pamene chokokera chamangidwa. Mutu wa chokokera wodyeka ndi masipuling'i ogona ndi umboni wakuti galimotoyo inakokapo kwambiri. Makilomita olembedwa musawakhulupirire okha. Yerekezani ndi kutha kwa zopondera, mpando ndi chiwongolero. Pa Hilux ya injini ya D-4D funsani ngati lamba wa timing anasinthidwa, pakuti amayenera kusinthidwa pa makilomita 150,000. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa m'buku, ndipo apolisi atsimikize kuti si yakuba.

Mapikapu ochokera ku Britain amafuna kusamala kwapadera. Kumeneko amathira mchere m'misewu nyengo yozizira, ndipo dzimbiri limadya chasisi kuchokera mkati. Ambiri alinso ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, ndipo atsopanoko amafuna madzi a AdBlue. Sefayi imatsekeka galimoto ikamangoyenda maulendo aafupi kapena ikamamwa dizilo wa sulphur wambiri. Amene ali ku Angola ndi ku DR Congo akumbukire kuti kwawo magalimoto amayenda kumanja kwa msewu, choncho chiwongolero choyenera ndi cha kumanzere.

Injini zamakono za common rail zimapopa dizilo mwamphamvu yodabwitsa kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri. Madzi pang'ono kapena fumbi zimawononga pampu ndi mainjekita. Mafuta a m'zigubu, ogulitsidwa m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa kwa mafuta, amatha kukhala osakaniza ndi parafini kapena madzi. Mukakakamizika kuthira a mumgolo, alekeni akhazikike, asefeni, ndipo musatenge a pansi penipeni.

Chokokera, ngolo ndi kapakiridwe

Mutu wa chokokera wovomerezeka m'maiko ambiri ndi wa mamilimita 50. Chokokera chizikhala chopangidwira mtundu wa galimoto yanuyo, chomangidwa ku chasisi ndi mabawuti, ndi chokhala ndi kachitsulo kosonyeza malire ake. Chokokera chowotcherera pa bampala kwa mmisiri wa mageti ndi msampha. Malire enieni a ulendo wanu ndi nambala yochepa koposa pakati pa ya galimoto, ya chokokera ndi ya ngolo. Unyolo wotetezera uzikoledwa ulendo uliwonse, ngakhale waufupi.

Pa kapakiridwe, mlimi amene anayendetsapo ngolo ya ng'ombe akudziwa kale chinsinsi. Katundu akachuluka kumbuyo, mtengo wa ngolo umanyamula goli ndi kutsamwitsa ng'ombe. Akachuluka kutsogolo, goli limapsinja makosi. Ndi chimodzimodzi pa galimoto. Katundu akapendekera kumbuyo kwa ngolo, chokokera chimanyamula kumbuyo kwa pikapu, ndipo ngolo imayamba kugwedeza mchira liwiro likakwera. Akapendekera kwambiri kutsogolo, matayala akutsogolo a pikapu amapepuka, ndipo chiwongolero ndi mabuleki sizigwira bwino. Ikani pafupifupi magawo 6 mwa 10 a katundu kutsogolo kwa ekiselo ya ngolo, wolemera akhale pansi, ndipo mumumange zolimba. Kutsamira kwa pa chokokera kusapitirire gawo limodzi mwa 10 la kulemera kwa ngolo, ndiponso kusadutse nambala yolembedwa pa chokokeracho. Mukaima chapatali, galimoto ndi ngolo zioneke zowongoka.

Thanki ya madzi yodzaza theka ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa madzi amathamangira kutsogolo mukagwira mabuleki ndi kumbali mukakhota. Ng'ombe nazo zimasuntha. Zimangidwe kapena zitchingidwe. Ngolo ikayamba kugwedezeka, musagwire mabuleki mwadzidzidzi ndipo musalimbane nayo ndi chiwongolero. Gwirani chiwongolero mowongoka, chotsani phazi pa chopondera moto pang'onopang'ono, ndipo ikakhazikika imani mukonze katundu.

Matayala akhale a katundu, olembedwa C kapena LT. Nambala ya pambali pa tayala imasonyeza chimene linganyamule: 100 ndi makilogalamu 800, 104 ndi 900, ndipo 112 ndi 1,120. Manambala anayi otsiriza pambuyo pa mawu akuti DOT amasonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, kotero kuti 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Matayala a ngolo kawirikawiri amafa ndi ukalamba ndi dzuwa mapanga ake akadali akuya. Pimani mpweya m'mamawa, ndipo pokoka muwonjezere monga mwa kachipepala ka pa chitseko.

Pa matsitso

Funso loti galimoto ikoka bwanji ndi losavuta poyerekeza ndi loti iima bwanji. Chigawo chathu chili ndi matsitso aatali: Chiweta ku Rumphi, Khwekhwelere pakati pa Dedza ndi Golomoti, Thabwa potsikira ku Chikwawa, ndi mapiri otsikira ku Chirundu mbali zonse ziwiri za Zambezi. Dalaivala akamatsika atangoponda mabuleki osalekeza, mapadi amatentha mpaka kuleka kugwira, ndipo mafuta a mabuleki amawira, chopondera nkumira pansi. Ngolo yopanda mabuleki pamenepo imakhala ikukankha. Sinthani giya musanayambe kutsika, ndipo mutsike ndi giya yomwe mukanakwerera phirilo. Pa otomatiki sankhani giya yotsika ndi dzanja. Gwirani mabuleki mwamphamvu kwa kanthawi, kenaka muwaleke apume. Kutsika giya ili pa fili pofuna kusunga mafuta ndi chizolowezi chimene chiyenera kumchotsetsa munthu ntchito. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, choncho azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse.

Masiku opanda ngolo

Masiku ambiri a chaka galimoto idzayenda yopanda ngolo, ndipo pamenepa ndi pamene ndalama zimathera mwakachetechete. Tiyerekeze mapikapu awiri, ina imamwa malita 8 pa makilomita 100, ina malita 10. Pa makilomita 30,000 pa chaka kusiyana kwake ndi malita 600. Chulukitsani ndi mtengo wa dizilo wa kwanuko, ndipo muyerekeze ndi mtengo wa hayala ya lole pa masiku ochepa aja. Werengeraninso inshulansi, msonkho wa pamsewu, COF ndi matayala. Kukoka ngolo ndi kuyenda m'fumbi opanga amaziwerenga ngati ntchito yolemetsa, ndipo mabuku awo amalamula kusintha oyilo ndi mafyuluta msanga kuposa nthawi zonse.

Pikapu yopanda katundu imapepuka kumbuyo. Imadumpha pa mabampu ndipo imaterereka msanga pa msewu wonyowa, makamaka mvula yoyamba ikagwa. Pa chifukwa ichi, pogula funsani ngati ili ndi mabuleki a ABS, ma airbag ndi chipangizo chothandiza kuti isazungulire pokhota. Musaganize kuti pikapu iliyonse ndi yolimba pa ngozi chifukwa chooneka yaikulu. Mu 2018 bungwe la Global NCAP pamodzi ndi la AA la ku South Africa linayesa Nissan NP300 Hardbody poiombetsa, ndipo sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu.

Za anthu okwera m'bodi tiyenera kunena mosabisa. Tonse tikudziwa matola, ndipo tikudziwa kuti kumudzi pikapu imanyamula odwala, maliro ndi a ukwati. Koma m'bodi mulibe lamba kapena chotchinga, ndipo galimoto ikagubuduka okhalamo amaponyedwa kunja. Ku South Africa lamulo linaletsa mu 2017 kunyamula ana a sukulu m'bodi mowalipiritsa. Kalabu ikhazikitse lamulo lakelake lakuti pamene ngolo yamangiriridwa, m'bodi ndi pa ngolo pasakwere munthu.

Galimoto ya gulu imafuna kope lolembamo ulendo uliwonse, makilomita ndi mafuta othiridwa. Membala aliyense woigwiritsa ntchito alipire pa kilomita, ndipo mtengowo uphatikize matayala, sevisi ndi kagawo kosungira galimoto ina ya m'tsogolo, osati dizilo yekha.

Tsiku loyesa

Musanalipire, pemphani kuyesa galimotoyo ndi katundu wofanana ndi amene mudzanyamule, ndipo ngati nkotheka ndi ngolo yanu yomwe. Sankhani njira ya chikweza. Imani pakati pa chikwezacho ndi kunyamukanso. Mvetserani fungo la kalachi ndipo yang'anani muvi wa kutentha kwa injini. Potsika onani ngati giya yotsika ikugwira galimoto popanda kuponda mabuleki kosalekeza. Onaninso ngati magalasi akukuonetsani mapeto a ngolo. Pomaliza pitani pa sikelo ya magalimoto, monga ya pamalo ogulira mbewu kapena pa fakitale, ndipo mupemphe kupima katatu: galimoto yokha, ngolo yokha, ndi zonse pamodzi. Manambala atatuwo muwalembe patsamba loyamba la kope la galimoto, pambali pa tare, GVM ndi GCM, kuti dalaivala ndi opakira adziwe chiwerengero cha matumba oyenera kukwera m'bodi ndi pa ngolo.